Kodi fisi angasunge mbuzi? Phunziro kwa alimi pa nkhani ya mafoni

Mawu amene anayankhulidwa kwa atsogoleri a makalabu a alimi a m'maboma a Machinga ndi Balaka

 

Lero tasiya kaye nkhani za mbewu, feteleza ndi ntchemberezandonda. Tikufuna tikambirane za foni ya m'manja, chifukwa masiku ano foni yasanduka chipangizo cha ulimi ngati khasu. Pa foni timafunsa mtengo wa mpunga ku Liwonde tisanakweze matumba pa njinga. Pa foni timalandira ndalama kuchokera kwa ana athu amene ali ku Joni. Chipatala cha pa Foni, chimene chinadzafalikira dziko lonse, chinayambira konkuno ku Balaka m'chaka cha 2011. Ndipo pamene ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP inayamba m'chaka cha 2020, alimi ambiri m'dziko muno anaswera m'madepoti, ena kugona komweko, chifukwa choti netiweki yavuta ndipo chiphaso cha unzika sichikuwerengeka pa makina.

Chinthu chikafika pofunika chotere, tiyenera kufunsa kuti kodi amene amayang'anira makampani a mafoni ndani, ndipo iwowo amachokera kuti. Kawirikawiri, m'maiko ambiri, anthu odziwa bwino ntchito imeneyi amakhala oti anagwirapo m'makampani omwewo. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Munthu amene wadya za kampani kwa zaka zambiri, akapatsidwa mpando woti aziyang'anira kampaniyo, kodi tingamukhulupirire? Kuti tiyankhe bwino, tabweretsa mbiri ya bambo wina wa ku America, dzina lake Tom Wheeler.

Ntchito yoyankhulira makampani

Ku America kuli ntchito ina imene anthu amalemera nayo kwambiri. Makampani ochita malonda ofanana amapanga bungwe lawo, n'kulemba munthu woti azikhala ku likulu la dziko, ku Washington, kumaonana ndi aphungu ndi akuluakulu a boma tsiku ndi tsiku. Ntchito yake ndi kuwanyengerera kuti malamulo amene akupangidwa akomere makampaniwo, ndipo amene akuwapweteka afe asanabadwe. Pachingerezi munthu wotere amamutcha lobbyist. Ife tingoti woyankhulira makampani.

A Wheeler anabadwa m'chaka cha 1946 ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Ohio State. Anayamba ntchito imeneyi m'bungwe la makampani opanga zakudya. M'chaka cha 1976 analowa m'bungwe la NCTA, la makampani opereka kanema wodzera pa mawaya, ndipo analitsogolera kuchokera 1979 mpaka 1984. Chaka chimene ankachokacho, nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza lamulo limene bungweli linalimenyera nkhondo, lomasula makampaniwa pa nkhani ya mitengo. Mitengo inakwera mpaka anthu anadandaula, ndipo m'chaka cha 1992 aphungu anabwezeretsa malamulo oyang'anira mitengoyo.

M'chaka chomwecho cha 1992, a Wheeler anakhala mkulu wa bungwe la CTIA, loyankhulira makampani a mafoni a m'manja, ndipo anakhala pamenepo zaka zoposa khumi. Pamene ankayamba, mafoni a m'manja m'dzikolo anali ongopitirira pang'ono 10 miliyoni. Pamene ankachoka anali atadutsa 150 miliyoni. Ntchito yawo ankaidziwa, ndipo ankaigwira mokomera amene ankawalipira. Chitsanzo chimodzi ndi ichi. Boma linafuna kuti munthu akafuna kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, azitha kupita ndi nambala yake yomweyo, kuti asamangike ku kampani imene sikumuthandiza poopa kutaya nambala. Bungwe la a Wheeler linapita kukhoti kukatsutsa zimenezi. Linagonja mu Juni 2003, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Novembala chaka chomwecho.

Atachoka ku CTIA, analowa ntchito yoika ndalama m'makampani atsopano a zamakina, komanso anathandiza kusonkhanitsa ndalama za kampeni ya a Barack Obama mu 2008 ndi 2012.

Fisi alowa m'khola

Ku America kuli bungwe la boma lotchedwa FCC, limene ntchito yake ikufanana ndi ya MACRA kuno kwathu. Limapereka ziphaso kwa makampani a mafoni ndi nyumba zoulutsira mawu, ndipo limaika malamulo oti makampaniwo azitsata. Lili ndi mipando ya makomishonala asanu. Mu Meyi 2013 Pulezidenti Obama anasankha a Wheeler kukhala wapampando wa bungweli, ndipo anayamba ntchito mu Novembala.

Mabungwe ambiri oteteza ogula anagwira njakata. Munthu yemwe anatsogolera mabungwe awiri akuluakulu a makampani, lero ndiye woti aziwayang'anira! Wanthabwala wina wa pa kanema, John Oliver, mu Juni 2014 anafanizira zimenezi ndi kusiyira mwana wakhanda galu wakutchire wa ku Australia wotchedwa dingo kuti alere. Kwathu kuno tikanati apatsa fisi makiyi a khola. A Wheeler anayankha pagulu kuti iwo si dingo, koma anthu anangoseka.

Komabe chizindikiro choyamba chinali chitaoneka kale. Pasanathe masabata awiri chilowereni mu ofesi, analembera kalata bungwe lawo lakale la CTIA kuti makampani asiye kutsekera mafoni a anthu amene amaliza kulipira, kuti mwini foni azitha kuikamo simukhadi ya kampani iliyonse, apo ayi boma liika lamulo. Mu Disembala 2013 makampani akuluakulu anavomera.

Nkhondo ya ngalande

Nkhani yaikulu inali ya intaneti. Tiifotokoze ndi chitsanzo cha sikimu ya mpunga ngati ya Domasi. Madzi amayenda m'ngalande imodzi kupita m'minda ya anthu ambiri. Tiyerekeze kuti ngalandeyo ili ndi mwini, ndipo tonse timamulipira mwezi ndi mwezi. Tsiku lina mwiniyo akuti alimi olemera amene awonjezere ndalama azilandira madzi oyamba, ena onse azidikira otsala. Mawa lake akutsekera madzi munda wa munthu amene akupikisana naye pa malonda a mpunga. Kodi sikimuyo ingakhalenso ya tonse?

Makampani opereka intaneti ali ngati eni ngalande. Mfundo imene anthu ankamenyera inali yoti mwini ngalande asasankhe, chilichonse chodutsa pa intaneti chiziyenda mofanana, kaya ndi cha kampani yaikulu kaya cha munthu wamba. Mu Januwale 2014 khoti linathetsa malamulo akale oteteza mfundo imeneyi pa mlandu umene inabweretsa kampani ya Verizon. Zinatsalira a Wheeler kuti alembe atsopano.

Zimene anatulutsa koyamba mu Epulo ndi Meyi 2014 zinasiya mpata woti kampani yolemera izilipira kuti zinthu zake ziziyenda msanga. Anthu anati: taonani, fisi wayamba. Ena anamanga matenti panja pa ofesi ya FCC n'kugona pomwepo. Lamulo la dzikolo limati bungwe la boma likafuna kuika lamulo latsopano, liyambe lamva maganizo a anthu. Anthu pafupifupi 4 miliyoni analemba maganizo awo, chiwerengero chimene bungweli linali lisanachionepo, mpaka makina olandirira makalatawo anafooka. Mu Novembala 2014 Pulezidenti Obama naye anayankhula poyera kupempha malamulo okhwima, ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo anthu ena anakhala pansi kutseka njira yotulukira galimoto kunyumba kwa a Wheeler.

Pa 26 Febuluwale 2015, makomishonala atatu mwa asanu anavomereza malamulo okhwima amene a Wheeler anabweretsa. Anagwiritsa ntchito lamulo lakale la 1934, limene limaona kampani ya lamya ngati basi ya pamsewu, yoyenera kunyamula aliyense wolipira mosasankha nkhope. Malamulowo analetsa zinthu zitatu: kutsekereza, kuchedwetsa dala, ndi kugulitsa njira yachidule kwa olemera. Anakhudzanso intaneti ya pa foni ya m'manja. Pa mabungwe amene anathamangira kukhoti kukasumira FCC panali NCTA ndi CTIA, omwe aja a Wheeler anawatsogolera. Mu Juni 2016 khoti linagamula mokomera FCC.

Chinawatembenuza n'chiyani?

Pali zinthu zitatu zimene tingaziloze ndi chala.

Choyamba ndi phokoso la anthu. Maganizo oyamba a a Wheeler anali ofooka. Anakhwima pambuyo poti anthu 4 miliyoni alemba, ena agona panja, ndipo mtsogoleri wa dziko wayankhula. Otsutsa ankanena kuti a Wheeler anangogonjera a Obama. Ngakhale zitakhala choncho, a Obamawo anayankhula ataona kuchuluka kwa anthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anthu a ku America akanakhala chete, malamulo ofooka aja akanadutsa.

Chachiwiri ndi bala lawo lakale. Mu Febuluwale 2015 analemba nkhani m'magazini ya Wired yofotokoza zimene zinawachitikira m'chaka cha 1984. Atachoka ku NCTA anatsogolera kampani yaing'ono yotchedwa NABU, yotumiza zinthu m'makompyuta a m'nyumba kudzera pa mawaya a kanema. Luso lake linali lothamanga kwambiri kuposa la anzawo, koma kampaniyo inagwa chifukwa inkadalira chilolezo cha eni mawaya. Mnzawo wina, Steve Case, anagwiritsa ntchito mawaya a lamya, amene lamulo linkati ndi otsegukira aliyense, ndipo kampani yake inakula n'kukhala AOL. Choncho a Wheeler ankadziwa kuwawa kokhala kumapeto kwa ngalande ya mwini.

Chachitatu ndi chakuti ankadziwa njira zonse za makampani. Woyankhulira kampani akabwera ndi mawu oti lamulo ili litigwetsa, tisiya kumanga nsanja, a Wheeler ankadziwa kulemera kwa mawuwo chifukwa iwonso anawayankhulapo. Iwo ankanena kuti kale ankaimira makampani, tsopano amene akuwaimira ndi anthu a dzikolo.

Tisawasandutse mngelo. M'nthawi yawo kampani ya Comcast inalephera kugula Time Warner Cable mu Epulo 2015 boma litaonetsa kusakondwa, koma FCC inalola AT&T kugula DirecTV chaka chomwecho, ndi Charter kugula Time Warner Cable mu 2016, ngakhale inaikapo mfundo zoti atsate. Makampani aakulu anapitirira kukula.

Mayunitsi odyedwa mwakachetechete

Pali nkhani ina ya nthawi ya a Wheeler imene ikufika pakhomo pathu penipeni. Anthu ambiri ku America ankapeza kuti akulipiritsidwa ndalama mwezi uliwonse, kawirikawiri madola 9.99, pa zinthu zimene sanapemphe, monga nyimbo zoimbira foni, mauthenga olosera zam'tsogolo ndi malangizo a zachikondi. Zinthuzi zinkachokera ku timakampani tina, koma kampani ya foni ndi imene inkadula ndalamazo, n'kutsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Madandaulo atachuluka, FCC pamodzi ndi mabungwe ena a boma oteteza ogula anafufuza. Mu Okutobala 2014 kampani ya AT&T inavomera kulipira madola 105 miliyoni, ndipo 80 miliyoni mwa ndalamazo inali yobwezera anthu. Mu Disembala T-Mobile inavomera 90 miliyoni. Mu Meyi 2015 Verizon inavomera 90 miliyoni ndipo Sprint 68 miliyoni. Zonse pamodzi madola 353 miliyoni.

Ndani muno amene sanaikepo mayunitsi madzulo, m'mawa n'kupeza atha asanaimbire munthu? Ambiri timangoti kaya, mwina mwana anadina penapake. Munthu mmodzi akadyeredwa K50 amaona ngati palibe mlandu. Koma K50 kwa anthu 1 miliyoni ndi K50 miliyoni. Anzathu aja anabwezeredwa ndalama chifukwa madandaulo awo analembedwa n'kusonkhanitsidwa pamalo amodzi.

Munthu amachoka, mpando umatsala

A Wheeler anatula pansi udindo pa 20 Januwale 2017, tsiku limene a Donald Trump analowa m'boma. Wapampando watsopano, a Ajit Pai, amene kale anagwirapo ntchito ya uloya ku Verizon, anatsogolera kuchotsa malamulo a ngalande aja mu Disembala 2017. Malamulo ena amene a Wheeler anaika mu Okutobala 2016, oletsa makampani kugwiritsa ntchito zinsinsi za makasitomala popanda chilolezo, aphungu anawathetsa mu 2017 asanayambe n'komwe kugwira ntchito mokwanira. M'chaka cha 2024 FCC inabwezeretsa malamulo a ngalande, koma mu Januwale 2025 khoti lina linawathetsanso, ponena kuti lamulo la nyumba ya malamulo silipereka mphamvu imeneyo ku FCC.

Makampani nawo anaphunzira kufunika kwa makalata a anthu. Pa zokambirana za 2017 panalowa makalata oposa 22 miliyoni. Kafukufuku wa loya wamkulu wa boma la New York, wotuluka mu 2021, anapeza kuti pafupifupi 18 miliyoni anali abodza, ndipo oposa 8 miliyoni mwa amenewo anachokera ku kampeni yolipiridwa ndi makampani a intaneti, yogwiritsa ntchito maina a anthu enieni amene sanafunsidwe. Ife a makalabu timvetse bwino pamenepa, dzina lathu ndi chidindo chathu ndi katundu wofunika.

Ndipo khomo limene a Wheeler analowera limatulutsanso anthu. A Michael Powell, wapampando wa FCC kuchokera 2001 mpaka 2005, anakakhala mkulu wa NCTA mu 2011. A Ajit Pai anakhala mkulu wa CTIA mu 2025, pa mpando womwe uja a Wheeler anakhalapo. A Wheeler sanabwerere ku mabungwe amenewa. Anapita ku bungwe la kafukufuku la Brookings, ndipo mu 2023 anatulutsa buku lotchedwa Techlash, lolimbikitsa kuti makampani akuluakulu a intaneti aziyang'aniridwa ndi malamulo.

Phunziro lake ndi lakuti chabwino chimene chatsamira pa mtima wa munthu mmodzi chimachoka naye limodzi. Chokhalitsa ndi chimene chalembedwa m'lamulo ndipo eni ake akuchilondera.

Nanga kwathu kuno?

Kampani ya TNM inayamba m'chaka cha 1995. Celtel inabwera mu 1999, n'kudzakhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Bungwe la MACRA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo lamulolo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2016. Msika waukulu wa mafoni a m'manja wakhala m'manja mwa makampani awiriwa kwa zaka zambiri. Alimi a thonje a ku Balaka mukudziwa bwino zimene zimachitika pa msika ogula akachepa. Pa foni ndi chimodzimodzi, kungoti pano ochepa ndi ogulitsa.

Nafenso tili ndi umboni woti kuyankhula kumapindula. M'chaka cha 2019 boma linaika mu bajeti msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa foni. Mabungwe, kuphatikizapo la CAMA loteteza ogula lotsogozedwa ndi a John Kapito, anakana poyera ponena kuti opwetekeka ndi anthu akumudzi opanda mabuku a ku banki. Msonkhowo unachotsedwa chaka chomwecho bajeti isanadutse.

M'chaka cha 2020 achinyamata anayambitsa kampeni yodandaula kukwera mtengo kwa intaneti. Nduna ya zofalitsa nkhani ya nthawi imeneyo, a Gospel Kazako, anali munthu wochokera m'ntchito yomweyo youlutsa mawu, popeza ndi amene anayambitsa wailesi ya Zodiak. Nawo anayankhula poyera kuti mitengo itsike. Makampani anatsitsa mitengo ina chaka chomwecho, ndipo mu Epulo 2021 MACRA inalengeza kuti bandulo ya 1GB yatsika ndi 30 peresenti. Tisaiwalenso kuti mbali ina ya mtengo ndi misonkho ya boma, monga wa 10 peresenti umene unaikidwa pa mauthenga a SMS ndi intaneti mu 2015.

Nkhani yachitatu ikufanana kwambiri ndi ya ku America. M'chaka cha 2021 bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, linalamula Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya kaperekedwe ka bonasi ya Khethekhethe. Nkhaniyo inapita kukhoti, ndipo mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulo la 1998 silinapatse bungweli mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Mlonda anali ndi maso koma analibe chibonga. Aphungu anakonza lamulo latsopano, limene linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2024, lopatsa CFTC mphamvu yolipiritsa kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zimene imapeza pa chaka. Lamulo limeneli silikhudza mafoni okha. Limakhudzanso wogulitsa mbewu yachinyengo ndi feteleza wosakaniza mchenga.

Lamulo la 2016 linakhazikitsanso thumba la Universal Service Fund, limene cholinga chake ndi kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera amene makampani saona phindu. Anzathu a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta ndi Chilwa, amene ena mumakwera pachulu kuti mupeze netiweki, thumba limeneli linapangidwira inu.

Tichite chiyani?

Choyamba, kalabu iliyonse ikhale ndi tsamba m'kaundula wake lolembamo madandaulo a foni. Mlembi alembe tsiku, ndalama zimene zadulidwa, ndi uthenga umene unabwera. Uthengawo musafufute. Ngati ndi netiweki, lembani mudzi ndi masiku amene inasowa.

Chachiwiri, dandaulo liyambe lapita ku kampani, ndipo mufunse nambala ya dandaulolo. Likapanda kuyankhidwa, lipite ku MACRA kapena ku CFTC molemba. Makalabu a dera limodzi atumize kalata imodzi yokhala ndi milandu yonse. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chachitatu, nkhani ya nsanja za netiweki ilowe m'mapulani a chitukuko kudzera ku VDC ndi ADC mpaka ku khonsolo. Mafumu athu, apa tikudalira inu. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, choncho tili ndi ufulu wolemba kalata kufunsa kuti thumba lija lathandiza madera ati ku Machinga ndi ku Balaka.

Chachinayi, tisasainire pepala lililonse limene sitinawerengeredwe. Wina akabwera kudzapempha maina a mamembala kapena chidindo cha kalabu kuti akasonyeze kuti alimi agwirizana ndi mfundo yake, tiyambe tamva mfundoyo pa msonkhano.

Chachisanu chikukhudza anthu onga a Wheeler, ndipo awa timakumana nawo m'mabodi a zaulimi, m'makomiti okambirana mitengo ya thonje, ngakhale m'mabungwe athu omwe. Munthu akachokera ku kampani ya mbewu, ya feteleza, yogula thonje kapena ya foni, n'kunena kuti tsopano ali mbali ya mlimi, tisamuthamangitse, chifukwa amadziwa zinthu zimene ife sitidziwa ndipo angatithandize kwambiri. Komanso tisamupatse makiyi onse tsiku lomwelo. Timufunse mafunso anayi. Kodi akadali ndi masheya kapena malipiro ochokera kumene anachoka? Lamulo la 2013 limalamula akuluakulu a boma kuulula chuma chawo, ndiye palibe cholakwika ife kufunsa zomwezo kwa atsogoleri athu. Kodi nkhani yokhudza kampani yake yakale ikabwera, adzatuluka m'chipinda chokambirana? Kodi wachitapo chiyani chimene chinakwiyitsa mabwana ake akale? Nanga akadzachoka pa mpandowo, akuyembekeza kukagwira ntchito kuti?

Funso lachitatulo ndi limene linayeretsa a Wheeler pamaso pa anthu. Sanakhulupiriridwe chifukwa cha malonjezo awo. Anthu anawakhulupirira ataona kuti mabungwe amene iwo anawalera akuwatengera kukhoti.

Pomaliza

A wapampando, tinayamba ndi funso loti kodi fisi angasunge mbuzi. Mbiri imene tamvayi ikutiuza kuti munthu si fisi, amatha kusintha, ndipo amene anagwirapo m'kati amadziwa pamene khola lili ndi chiboo. Koma ikutiuzanso kuti munthuyo anasintha eni mbuzi ali maso, akuwerenga ziweto zawo m'mawa ndi madzulo, ndipo atangochoka iye khola linatsegulidwanso. Choncho ntchito yowerenga mbuzi ndi yathu, kaya pakhomo pa khola paima ndani.

Pempho lathu ndi lakuti pofika msonkhano wotsatira, kalabu iliyonse ibwere ndi tsamba lake la madandaulo a foni, ndi maina a midzi imene netiweki sifika. Tikaphatikiza masamba amenewo, tidzakhala ndi kalata imodzi ya alimi a Machinga ndi Balaka yoti tipite nayo kwa oyenera.